Boma la America Silidzakubwezerani Ngongole ya Nyumba

Pakati pa Amalawi okhala ku America pali mawu amene akuyenda kwambiri, makamaka kwa anthu amene atopa ndi lendi ndipo akufuna nyumba yawoyawo. Akuti ngongole ya FHA iposa zonse chifukwa ili m'manja mwa boma: dipoziti yake ndi yochepa, ndipo ukadzalephera kubweza boma limakulipirira. Akutinso ngongole wamba, imene kumeneko amaitcha conventional, ndi ya anthu andalama okha, amene angathe kupereka 20 peresenti ya mtengo wa nyumba tsiku limodzi. Anthu akuuzana zimenezi ndi mtima wabwino, pofuna kuthandizana. Koma mfundo ziwiri zonsezi ndi zolakwika, ndipo banja lozikhulupirira likhoza kutaya madola masauzande ambiri.

Bungwe la FHA, dzina lake lonse Federal Housing Administration, linakhazikitsidwa mu 1934, nthawi ya Pulezidenti Franklin D. Roosevelt, chuma cha America chitagwa. Masiku amenewo mabanki ankangobwereketsa pafupifupi theka la mtengo wa nyumba, n'kufuna kuti ngongoleyo ithe m'zaka zowerengeka, ndipo chuma chitagwa ambiri anasiyiratu kubwereketsa. Boma linauza mabanki kuti abwereketse, ndipo wogula akalephera kubweza, banki idzalandira chipukutamisozi. Lonjezoli linapita kwa mabanki, ndipo mpaka lero likadali la mabanki. FHA, imene kuyambira 1965 ili pansi pa unduna woona za nyumba wa HUD, sibwereketsa ndalama. Ndalama zimachokera ku banki kapena kampani yobwereketsa, ndipo FHA imangoika inshuwalansi pa ngongoleyo.

Tiyeni tione zimene zimachitika munthu akalephereratu kubweza. Banki imalanda nyumba, FHA n'kulipira banki zimene yataya. Wogula uja amatuluka ndi katundu wake. Dipoziti yake yapita, ndalama zonse zimene ankapereka mwezi ndi mwezi zapita, credit score yake, nambala yoonetsa mbiri yake yobweza ngongole, yatsika, ndipo dzina lake limalowa m'kaundula wa boma wotchedwa CAIVRS, kotero kuti kwa zaka zitatu sangapeze ngongole ina ya FHA. N'zoona kuti FHA ili ndi njira zothandizira munthu amene watsalira m'mbuyo chifukwa cha matenda kapena kutha kwa ntchito. Ina mwa njirazi imachotsa ndalama zimene zatsalirazo n'kuziika pambali popanda chiwongoladzanja. Njira imeneyi yapulumutsa mabanja, ndipo tikuiyamikira. Komabe ndalamazo zimakhala ngongole yachiwiri pa nyumba yomweyo, yoti idzabwezedwe nyumbayo ikagulitsidwa kapena ngongole yoyamba ikatha. Palibe kobiri limene limakhululukidwa.

Wolipira inshuwalansi ya FHA ndi wogula. Zili ngati kulipira mlonda mwezi uliwonse koma mlondayo akulondera pakhomo pa amene anakukongozani. Titenge nyumba ya $300,000. Dipoziti ya FHA ya 3.5 peresenti ndi $10,500, ndiye ngongole ndi $289,500. Tsiku losainira, FHA imafuna 1.75 peresenti ya ngongoleyo, yomwe ndi $5,066. Anthu ambiri sakhala nayo ndalamayi m'manja, motero imaphatikizidwa ku ngongole, ndipo nayonso imabala chiwongoladzanja kwa zaka 30. Pamwamba pake pali inshuwalansi ya chaka ndi chaka. Mu March 2023 boma linaitsitsa kuchoka pa 0.85 kufika pa 0.55 peresenti kwa ogula ambiri opereka dipoziti yochepa. Pa nyumba yathuyi, ndi ndalama pafupifupi $133 pamwezi m'chaka choyamba, ndipo m'zaka khumi zimakwana pafupifupi $15,000.

Chimene ofalitsa mawu aja satchula n'chakuti inshuwalansiyi sichoka msanga. Kuyambira mu June 2013, munthu amene wapereka dipoziti yosakwana 10 peresenti amalipira inshuwalansi ya FHA mpaka ngongole yonse itatha. Wopereka 10 peresenti kapena kuposerapo amalipira zaka 11. Kaya mwabweza theka la ngongole, kaya mtengo wa nyumba wakwera kawiri, kaya simunaphonyepo mwezi ndi umodzi womwe, ndalamayo imachotsedwabe. Njira yothawira ndi kugulitsa nyumba kapena kutenga ngongole ina yatsopano yolipirira yakaleyo. Koma ngongole yatsopano imabwera ndi ndalama zina zosainira, komanso chiwongoladzanja cha nthawi imeneyo, chimene palibe angakulonjezeni lero kuti chidzakhala chotsika.

Nkhani ya 20 peresenti nayo ilibe maziko. Ngongole wamba zambiri zimatsata malamulo a mabungwe awiri, Fannie Mae ndi Freddie Mac, amene amagula ngongolezi kwa mabanki. Onse awiri amalola dipoziti ya 5 peresenti, ndipo ali ndi ndondomeko, monga HomeReady ndi Home Possible, zolola 3 peresenti kwa anthu amene malipiro awo sapyola malire oikika. Pa nyumba ya $300,000, 3 peresenti ndi $9,000, kuchepera dipoziti ya FHA yomwe. Wopereka zosakwana 20 peresenti amalipira inshuwalansi ya kampani, yotchedwa PMI, ndipo nayo imateteza banki. Kusiyana kwake n'kwakuti PMI imatha. Lamulo la mu 1998 lotchedwa Homeowners Protection Act limalola wogula kupempha kuti ichotsedwe ngongole ikatsika kufika pa 80 peresenti ya mtengo umene anagulira nyumba, ndipo ikafika pa 78 peresenti banki iyenera kuichotsa yokha ngati munthuyo sakutsalira m'mbuyo. Pa chitsanzo chathu, ngongole ikafika pa $240,000 mumalemba kalata, ndipo ikafika pa $234,000 PMI imachoka ngakhale simunalembe.

Sitikunena kuti ngongole ya FHA ndi yoipa. Yalowetsa m'nyumba mabanja ambiri amene mabanki akanawabweza pakhomo. Imalandira munthu wa credit score ya 580 ndi dipoziti ya 3.5 peresenti, ndipo malamulo ake amalolanso wa pakati pa 500 ndi 579 ngati apereka 10 peresenti, pamene pa ngongole wamba mabanki ambiri amafuna 620 kupita m'mwamba. Mtengo wa inshuwalansi ya FHA sutengera credit score, koma PMI imakwera kwambiri score ikakhala yotsika. Choncho kwa mayi wosamalira okalamba amene wangoyamba kumanga mbiri yake ya ngongole, kapena bambo amene bilu ya kuchipatala inamuwonongera mbiri, FHA ikhoza kukhaladi yotchipa pamwezi. Imalolanso kuti dipoziti ichokere kwa wachibale ngati mphatso yolembedwa, komanso kuti wogulitsa nyumba athandize ndalama zosainira mpaka 6 peresenti ya mtengo. Koma kwa namwino wa score ya 740, amene wasunga 5 peresenti, kutenga FHA chifukwa anamva kuti "ndi ya boma" nthawi zambiri n'kulipira zambiri popanda chifukwa.

Pali zinthu zina zitatu zimene anthu akwathu ayenera kuzidziwa asanayambe kuona nyumba. Choyamba ndi mapepala okhalira m'dziko. Kuyambira pa 25 May 2025, FHA inasiya kuika inshuwalansi pa ngongole za anthu okhala ku America ndi chilolezo cha kanthawi. Amene ali ndi green card akadali ololedwa, koma amene ali pa viza ya ntchito ngati H-1B sakuloledwanso. Malamulo a Fannie Mae amalolabe munthu wokhala m'dzikomo movomerezeka ngakhale alibe green card. Ndiye kuti kwa Mmalawi wa pa viza ya ntchito, ngongole imene akuuzidwa kuti ndi ya olemera okha ndiyo ikhoza kukhala njira yake, ndipo imene akuuzidwa kuti ndi yake yatsekedwa.

Chachiwiri, nyumba ya FHA iyenera kukhala yokhalamo mwini wake. Wogula amasainira kuti alowamo pasanathe masiku 60 ndipo akhalamo chaka chathunthu. Akhoza kugula nyumba ya makomo mpaka anayi, iye n'kukhala khomo limodzi, enawo n'kuikamo alendi. Koma kugula m'dzina lanu kuti mukhale mlamu wanu, kapena kuti muchititse lendi yonse, kwinaku mutasaina kuti mukhalamo, ndi mlandu wachinyengo, ndipo kwa munthu amene sanakhale nzika mlandu wotere ukhoza kukhudza mapepala ake.

Chachitatu, woyesa nyumba wa FHA samangoona mtengo. Amaona denga, mawaya a magetsi, masitepe, ndipo pa nyumba yomangidwa 1978 isanafike, penti yosendeka iyenera kukonzedwa chifukwa ikhoza kukhala ndi mtovu. Izi zimateteza wogula ku nyumba yakutha, koma zimachititsanso ogulitsa ena kusankha wogula wa ngongole wamba pamene ofuna nyumbayo achuluka.

Lamulo la ku America likupatsani chida chothetsera mkangano wonsewu. Mukapempha ngongole, wobwereketsa ayenera kukupatsani chikalata cha masamba atatu chotchedwa Loan Estimate pasanathe masiku atatu ogwira ntchito. Chikalatachi chimafanana ku banki iliyonse. Pemphani cha FHA ndi cha ngongole wamba pa nyumba yomweyo, kwa obwereketsa awiri kapena atatu. Muziyale patebulo. Onani zolipira pamwezi, onani zolipira tsiku losainira, kenako tsegulani tsamba lachitatu pamene palembedwa ndalama zonse zimene mudzakhale mutalipira pakatha zaka zisanu. Funsani wobwereketsayo kuti inshuwalansi idzatha chaka chiti, ndipo yankho alilembe. Ngati manambala akukusokonezani, pali alangizi a za nyumba ovomerezedwa ndi HUD amene amathandiza kwaulere kapena pamtengo wochepa.

Abale athu amagwira ntchito usiku ndi usana kuti apeze dipoziti, kwinaku akutumiza fizi ndi ndalama za feteleza kumudzi. Ndalama yopezeka movutikira chotere siyenera kuikidwa pa lonjezo limene boma silinapereke kwa iwo. Amene FHA ikumuyenera aitenge akudziwa kuti inshuwalansi akulipira yekha, ndipo aziyang'anira nthawi yoti atulukemo. Amene angakwanitse ngongole wamba asaope chifukwa cha 20 peresenti imene palibe akuifuna. Ndipo inu amene munauzapo m'bale wanu kuti boma lidzamulipirira, muimbireni lero mumuuze zoona asanasaine.