Wolima thonje, wovala kaunjika

Pitani pa Kamuzu Road ku Salima mukaone chimene amayi amalimbirana: milu ya kaunjika yochokera kunja. Ena mwa amayiwo ndi olima thonje. Thonje lawo limatuluka m'dziko muno m'mabelo, ndipo zovala zimabweranso m'mabelo, ena atavala kale. Kodi chidavuta n'chiyani?

Inu a m'tauni, ndi inu abale athu amene mudakhala kunja zaka zambiri, mumakonda kunena kuti Malawi adzatukuka akadzakhala ndi mafakitale. Sitikukana. Koma fakitale simera yokha ngati bowa. Imafuna zinthu ziwiri kwa mlimi: zokolola zake, ndi ndalama za m'thumba mwake. Ife tidatenga choyambacho n'kuiwala chachiwiri.

Tikumbutsane. Njanji idafika ku Salima mu 1935. Mu 1967 kampani ya David Whitehead idatsegula fakitale ya nsalu ku Blantyre. Mu 1968 boma, mothandizidwa ndi West Germany, lidayamba ntchito yotukula ulimi wa thonje ndi mpunga m'mbali mwa nyanja ku Salima. Munda, njanji ndi fakitale, zonse zidalipo.

Chidasowa ndi chilungamo pa sikelo. Kuyambira mu 1971, ADMARC ndiyo inkagula thonje la alimi ang'onoang'ono pa mtengo woikidwa ndi boma, wotsika kusiyana ndi wa kunja. Phindu lambiri lidapita kukakuza maesiteti a fodya a akuluakulu. Pa nthawi ya chipani chimodzi, kudandaula za mtengo kunali kudziputira tsoka. Mlimi adavala zigamba uku akulima nsalu.

Misika itamasulidwa m'zaka za m'ma 1990, kaunjika adasefukira. Fakitale ya Whitehead idafooka mpaka boma lidaigulitsa mu 2003. Musawanene amayi a ku Salima kuti sakonda dziko lawo. Munthu amagula chimene thumba lake lalola.

Onani Taiwan. Pakati pa 1949 ndi 1953, boma lidatsitsa lendi ya minda n'kugawa malo kwa amene ankawalima. Nalonso linkadya nawo pa mpunga wa mlimi, zoona, koma lidakweza zokolola zake kudzera m'ulimi wothirira, alangizi ndi misewu. Mlimi atapata, adagula njinga, nsalu ndi malata, ndipo timafakitale tidabuka m'midzi momwemo. Ng'ombe adaikama, koma ankaidyetsanso.

Salima wapatsidwanso mwayi wina. Kudabwera fakitale ya Malawi Mangoes yofinya zipatso, kenaka Salima Sugar imene idayamba kupanga shuga mu 2016, ndipo mu 2021 adatsegula malo opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 60. Ku Lifuwu kuli mpunga, nyanja ili pakhomo.

Tsono nduna zikamabwera kudzadula maliboni, tisamangoomba m'manja poona kutalika kwa chumuni. Tizifunsa kuti: mlimi wa nzimbe akulandira zingati pa tani? Akulipidwa liti? Sikelo akuyesa ndani? Nanga amene adapereka malo awo, akudya chiyani lero?

Mafunso amenewa agogo athu sakadawafunsa. Ife referendamu ya 1993 idatitsekula pakamwa. Tikawasiya osafunsidwa, tidzamanganso mafakitale opanda ogula, ndipo zidzukulu za wolima thonje zidzakhala zikusankhabe pa mulu wa kaunjika.