Chipumi cha amayi aang'ono chalakwanji?

Loweruka ndinapita ku Limbe kukawaona amayi aang'ono pamalo awo ogulitsira zitenje. Ndisanakhale n'komwe anandipatsa foni. "Iwe wa sukulu, tandiwerengera izi, ndi ndalama zingati?" Pa TikTok, mayi wina akuonetsa chipumi chosalala ngati mbale, atachokera ku Istanbul. Amayi aang'onowo ali ndi zaka 46 zokha, ndiye eti akuti makwinya awakalambitsa.

Ndinapsa mtima, koma osati ndi iwo.

Tiyeni tiuzane zomwe kavidiyo ka masekondi 30 sikanena. Opaleshoni yokweza nsidze yachikale, dokotala amacheka pamutu kuchokera kukhutu lina kukafika linalo, n'kusenda khungu la pachipumi, kulikokera m'mwamba, kudula lotsala, n'kusoka. Yamakono amaboola timabala ting'onoting'ono mkati mwa tsitsi n'kulowetsa kakamera. Zonsezi zimadutsa pomwe pali mitsempha. Ena amakhala ndi dzanzi pamutu miyezi, ena tsitsi limathothoka m'mbali mwa chipsera, ena nsidze zimasiyana, ina pamwamba ina pansi. Ndipo kukoka kumatha kubweza tsitsi m'mbuyo. Ife amene zingwe ndi mawivi anatidya kale tsitsi lakutsogolo, tikufunanso chipumi china?

Palinso zipsera zotupa zija, keloid. Zimakonda khungu lakuda. Aliyense akudziwa munthu amene anangoboola khutu n'kumera chotupa chonga nsawawa. Wakuvidiyoyo khungu lake si lanu, mayi.

Mwina muti basi jakisoni wa Botox, poti sacheka. Amene uja amafooketsa minofu kwa miyezi itatu kapena inayi, kenako makwinya aja ndi awo, mulipirenso. Akabaya molakwika chikope chimagwa. Ndiye muganize akubayani ndi munthu wa pasaluni amene anaphunzira pa YouTube.

Funso langa lalikulu ndi ili: bala likavunda mutabwerako, mupita kuti? Istanbul ili kutali. Mudzathera ku Gulupu, komwe madokotala okonza khungu ndi owerengeka, ndipo manja awo ali kale pa ana opsa ndi phala kapena mbaula, ndi odwala khunyu ogwera pamoto. Ntchito ya mpeni umenewu kuno kwathu ndi imeneyo, ndi ana obadwa ndi mlomo wong'ambika amene a Operation Smile amawasoka.

Ndikudziwa, wina alemba kuti thupi ndi lake, ndalama ndi zake. Zoona. Ndipo ngati nsidze zagwa mpaka kutchinga maso, amenewo ndi matenda, pitani kuchipatala. Koma amayi aang'ono amaona bwinobwino, chenje sasokoneza. Chaka chatha chipumi chomwechi sichinkawavuta. Anawauza ndani kuti n'cholakwika? Ndi omwe aja anatiuza kuti kuda n'kulakwa, mpaka mafuta oyeretsa khungu anadzaza mabenchi mumsika momwemu.

Mtengo sindinawawerengere. Ndinati bandulo yatha. Anandiyang'ana atakwinya chipumi, mizere itatu yonse poyera, n'kunditumiza Fanta.