Kufatsa Polemba

Kale ku Ulaya anthu ankalemba ndi nthenga za atsekwe. Ankasongola nthenga ndi mpeni, namaiviika mu inki kawirikawiri. M'chaka cha 1884, Lewis Waterman wa ku Amereka anakonza peni yosunga inki m'mimba mwake. Pambuyo pake, mu 1938, László Bíró wa ku Hungary anatulukira bolopeni, imene ili ndi kampira kunsonga kwake.

Ngakhale bolopeni inafala ponseponse, alipo anthu amene amakondabe peni ya inki. Iwo amasunga makope aukhondo, ndipo akaweruka kuntchito amalembamo pongofuna kusangalala. Ena amawaseka kuti akutaya nthawi, popeza kompyuta imalemba msanga. Koma anthuwa sakulakwa ayi. Peni ya inki sifuna phuma. Woidinikiza amapinda nsonga yake, ndipo wokhudza inki isanaume amadetsa pepala. Motero peniyi imaphunzitsa dzanja kufatsa.

Mwana wa sukulu angathe kuphunzira khalidwe lomweli ngakhale alibe peni yodula, pakuti pensulo yosongoka bwino ndi yokwanira. Chofunika ndicho kukhala mowongoka, kutsata mizere ya m'kope ndi kusiya mpata pakati pa mawu. Mwana amene amalemba 1 wooneka ngati 7 amalephera samu imene amaidziwa, chifukwa mphunzitsi amachonga zimene akuona papepala.

Kulemba zowerengeka ndi ulemu kwa wowerenga. Luso limeneli silibwera tsiku limodzi. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.