LANDIRANI BWINO OYAMBA KUMENE MASEWERA

Caka ciliconse, mwezi wa Januwale ukafika, pa mabwalo a masewera ndi m'nyumba zolimbitsiramo thupi, zimene ambiri azicha majimu, mumaoneka nkhope zacilendo. Awa ndi anthu amene alonjeza mumtima mwao kuti m'caka catsopano ayambe kusamalira matupi ao. Pakati pao pali aphunzitsi, makalaliki a pa boma, eni masitolo, madalaivala ndi amai ogulitsa pamsika, anthu amene nchito zao ziwakhazika pansi tsiku lonse. Cacisoni ncakuti pakapita masabata owerengeka ambiri a iwo saonekanso. Ena amalefuka okha, koma ena amathawa cipongwe ca anzao amene anayamba kale.

Nkhani iyi ikhudza moyo wa anthu. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse lapansi la World Health Organization linalangiza m'caka ca 2020 kuti munthu wamkulu azigwiritsa nchito thupi lake kwa mphindi 150 kufikira 300 pa sabata, ndiponso kuti azicita zolimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo. M'caka ca 2024 bungwe lomweli linalengeza kuti pa akulu 100 alionse pa dziko lapansi, 31 sanali kufika pa muyeso umenewu. Kukhala cabe kumaitana matenda a mtima, a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi. Mlimi amene ali ndi khasu m'manja m'nyengo ya kupalira alimbitsa kale thupi lake kumunda. Koma mbale wake wa ku Chipata, ku Katete, ku Petauke kapena ku Lundazi, amene aswera pa mpando, afunika malo ena ocitirako zimenezi. Womuseka pamalopo amubweza ku matenda amene anali kuthawa.

Makhalidwe oipa pa malo otere ndi odziwika. Pali kuseka munthu wonenepa pamene apuma wefuwefu, kunyoza mai wobwera atabvala citenje, ndi kukakamira zitsulo kuti mlendo asazikhudze. Pali anyamata amene amakakamiza watsopano kunyamula citsulo colemera kopambana mphamvu zake kuti amuone alikulephera, osaganiza kuti msana ukapweteka munthu angaleke nchito imene idyetsa banja lake. Ena amajambula anzao ndi mafoni popanda cilolezo, nkutumiza zithunzizo pa WhatsApp ndi pa Facebook. Zonsezi ndi zocititsa manyazi, ndipo sizisonyeza ukatswiri.

Odziwa masewera akumbukire kuti palibe anabadwa ali katswiri. Esther Phiri anali kugulitsa ndiwo zamasamba mu Lusaka pamene anayamba kuphunzira nkhonya pakati pa amuna, panthawi imene ambiri anali kuona masewerawa ngati osayenera mkazi. Mphunzitsi wake, malemu Anthony Mwamba, anaona mphatso yake namlimbikitsa, ndipo m'kupita kwa nthawi dzina la Zambia linamveka m'maiko ena cifukwa ca iye. Akadabwezedwa pakhomo ndi mau acipongwe, dziko likadataya ngwazi.

Motero udindo wa amene anayamba kale ndi woonekeratu. Ampatse moni mlendo ndi kumuonetsa malo. Amuphunzitse kutenthetsa thupi asanayambe, kunyamula cinthu atawongola msana ndi kupinda maondo, ndi kuyamba ndi zopepuka, nkumaonjezera pang'onopang'ono. Amuuze kuti kuwawa kwa minofu patapita tsiku limodzi kapena awiri ndi kwa nthawi yocepa, koma akamva kupweteka m'cifuwa kapena cizungulire aleke pomwepo ndi kupita kucipatala. Wacikulire kapena wodwala matenda a mtima, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi alangizidwe kuyamba waonana ndi a zaumoyo. Uphungu uperekedwe mwaulemu ndi pambali, osati mofuula pamaso pa gulu. Nayenso watsopano ali ndi mbali yake: afunse pamene sadziwa, ayembekeze nthawi yake, ndipo abweze zitsulo pamalo pake akatha.

Eni majimu, atsogoleri a magulu a mpira wa miyendo ndi wa manja, aphunzitsi a masewera ndi mafumu amene apereka malo a mabwalo m'midzi ayenera kudzudzula cipongwe cotere poyera. Makolo anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Mlendo wa pa bwalo la masewera ndi wofunika kumugwira dzanja kuti asakamuke, pakuti akakhala mpaka nyengo ya kukolola, adzakhala mwini malo amene adzalandira ena caka camawa.