Wophunzira naye tizimufunsa

Abale ndi alongo a kuno ku Insaca, munthu akabwera pagalimoto kuchokera ku Lichinga kapena ku Maputo, atamanga tayi, n'kuyankhula Chipwitikizi chozama, ambiri a ife timangoti, "Akudziwa ndi iwowo." Ulemu ndi wabwino, koma kukhala chete kotereku kunagwetsapo dziko lathu m'ngongole.

Mu 2013 ndi 2014, makampani atatu a boma, ProIndicus, EMATUM ndi MAM, anakongola pafupifupi madola 2 biliyoni ku mabanki a Credit Suisse ndi VTB. Ankati agula masitima ophera nsomba ndi olondera gombe la nyanja yamchere. Nduna ya zachuma ya nthawiyo, Manuel Chang, inasaina kuti boma lidzabweza ngongoleyo, aphungu a ku Assembleia da República asanavomereze. Onse amene anagwira mapepalawo anali anthu ophunzira kwambiri.

Chinsinsi chitaululika mu 2016, bungwe la IMF ndi mayiko otithandiza anaimitsa thandizo, ndipo metikali inagwa mphamvu. Amene mumasintha ndalama pa Entre Lagos mukukumbuka, ndi inunso amayi amene munaona sopo ndi mafuta ophikira zikukwera. Mu 2017, ofufuza a kampani ya Kroll analephera kupeza kumene madola 500 miliyoni analowera. Masitima a nsomba aja anachita dzimbiri pa doko la Maputo. Msodzi wa pa Chiuta, ngakhale wosapita kusukulu, akanafunsa kuti: bwato losalowa m'madzi lidzabweza bwanji ngongole?

Ofunsa anapezeka ndithu. Malamulo a dziko lino amalola nzika 2,000 kusaina dandaulo lopita ku Conselho Constitucional, khoti loteteza malamulo akuluakulu a dziko. Mabungwe a mu Fórum de Monitoria do Orçamento anasonkhanitsa masiginecha, ndipo khotilo linagamula kuti ngongole ya EMATUM (mu 2019) ndi za makampani ena awiri aja (mu 2020) zinatengedwa mophwanya malamulo. Chang naye anapezeka wolakwa ku New York mu 2024.

Sindikunena kuti tizinyoza ophunzira ayi. Namwino akanena za katemera wa mwana, timvere. Koma katswiri wachilungamo ukamufunsa amafotokoza mpaka umve. Wokwiya ndi funso, amene amayankha kuti "izi simungazimvetse," ameneyo mumuyang'anitsitse.

Choncho wopempha voti akalonjeza mlatho, mjigo kapena msewu, wombani m'manja ngati mwafuna, kenako mufunseni: ndalamazo zichokera kuti? Ngati ndi ngongole, adzabweza ndani? Nanga ntchitoyo idzatha liti? Wa chipani chilichonse afunsidwe chimodzimodzi.

Pa tsiku lovota, mavoti akawerengedwa, pepala la zotsatira lotchedwa edital limayenera kumatidwa pamalo ovoterapo pomwepo. Pitani mukaliwerenge nokha. Ngati simutha kuwerenga, tengani mdzukulu wanu akakuwerengereni, ndipo manambalawo mukalembe n'kusunga.