Musanapatse roboti makiyi a ndalama zanu

Lolemba madzulo basi yathu inaima nthawi yaitali pa ma roboti a mu Great East Road, ndipo mnyamata amene tinapanikizana naye pa mpando wakumbuyo anandionetsa roboti ina, ya mu foni. "Bakamba, iyi isebenza yeka. Ingena mu akaunti, igula, igulitsa, imwe muli gone cabe," anatero. Ati ndimutumizire K500 pa mobile money, ndimupatsenso nambala ya akaunti ya forex ndi password, zotsala adzakonza yekha. Kondakita anali kukangana ndi amai ena pa nkhani ya cenji, ine mutu unali pa funso limodzi: kodi cinthu cimeneci cimacita ciani kwenikweni?

Ndakhala sabata yonse ndikufufuza, ndipo ndapeza kuti mapulogalamu otere aliko ndithu, ena ndi aulere. Vuto ndi lakuti zimene amacita n'zosiyana ndi zimene akutilonjeza pa WhatsApp.

Tiyambe ndi broker. Iyi ndi kampani imene imakugulira ndi kukugulitsira ma share kapena ndalama zakunja. Imodzi mwa zikuluzikulu ndi Interactive Brokers ya ku Greenwich, m'cigawo ca Connecticut ku America. Makasitomala ake amagwiritsa nchito pulogalamu ya pa kompyuta yochedwa Trader Workstation, imene imafuna dzina ndi password polowa, ndipo imaturutsa timauthenga tofuna kuti munthu adinize batani. Anthu ena odzipereka, osati a kampaniyo, anatopa nazo ndipo analemba kapulogalamu kochedwa IBC, kamene kanacokera ku kena kakale, IBController. Kali pa GitHub, malo a pa intaneti pamene olemba mapulogalamu amaika nchito zawo. Ndi ka open source, kutanthauza kuti aliyense angawerenge mmene kanalembedwera, kukatenga ndi kukasintha osalipira ngwee.

Nchito ya IBC ndi kulemba dzina ndi password, kudiniza batani lolowera, kuyankha timauthenga tija ndi kutseka pulogalamu pa nthawi imene mwini wake waika. Basi. Sikasankha coti kagule, sikadziwa ngati dola ikwera mawa. Mwa cilankhulo cathu ca pa siteshoni, IBC ndi kondakita wotsegula citseko. Dalaivala ndi pulogalamu ina imene imatumiza maoda ogula ndi kugulitsa, ndipo imatsata malamulo amene munthu anailembera. Pa MetaTrader 4 ndi 5, mapulogalamu a kampani ya MetaQuotes amene acinyamata ambiri kuno ali nawo m'mafoni, dalaivala ameneyu amachedwa Expert Advisor. Ndiye "roboti" imene mumamva. Kawirikawiri imayenda pa kompyuta, pa foni mumangoona zotsatira.

N'zomveka cifukwa cake anthu amafuna thandizo lotere. Msika wa New York umatsegula 15:30 kapena 16:30 nthawi ya kuno, malinga ndi nyengo, ndipo umatseka 22:00 kapena 23:00. Wa forex umayenda usana ndi usiku pakati pa sabata. Munthu amene akucoka ku nchito mu Cairo Road, kuima pa mzere ku Kulima Tower ndi kufika ku Chelstone kutada sangakhale maso pa kompyuta maola onsewo. Onjezani load shedding ngati ija ya mu 2024, madzi atacepa ku Kariba: magetsi akapita, kompyuta yazima, roboti nayo yagona, koma malonda amene inatsegula akali kuyenda. Ndiye cifukwa cake ena amacita lendi kompyuta ya kutali imene siizima, yochedwa VPS, ndipo amailipira mwezi ndi mwezi.

Manje apa ndi pamene pali ngozi. Kuti pulogalamu ilowe yokha mu akaunti, iyenera kusunga password penapake. Mu IBC ungailembe mu kafailo ka config.ini, m'malemba oti aliyense wotsegula kafailoko awerenga. Ngati kompyutayo ndi yobwereka, kapena amene anaikonza ndi "mnzako wa pa Facebook", ndiye kuti makiyi ali m'thumba mwa wina. Interactive Brokers ili ndi loko waciwiri: uthenga umabwera pa foni ya mwini akaunti kuti avomereze, ndipo kamodzi pa sabata amayenera kulowanso mwatsopano. IBC siingadinize foni yanu. Munthu akakuuzani kuti mucotse citetezo caciwirici kuti roboti iziyenda bwino, dziwani kuti akukupemphani kugona citseko cili cotsegula.

Cina, mau akuti open source asakupusitseni. Ubwino wake ndi wakuti anthu ambiri odziwa angathe kuona zimene zili mkati ndi kuulula colakwika. Koma ubwino umenewo uli pa cimene cili poyera pa GitHub. Failo imene munthu wakutumizirani pa WhatsApp ingakhale ndi dzina lomwelo koma mkati anaonjezamo mizere yotumiza password yanu kwa iye. Ndani wa ife angaitsegule ndi kuzindikira? Ine, ndi dipuloma yanga ya utolankhani, sindingathe.

Ngakhale pasakhale wakuba, makina amalakwitsa mofulumira kuposa munthu. Pa 1 August 2012, kampani ya Knight Capital ku America inataya madola pafupifupi 440 miliyoni m'mphindi 45 zokha. Pulogalamu yakale imene inatsalira pa imodzi mwa makompyuta awo inayamba kutumiza maoda mosalekeza. Awo anali akatswiri okhala ndi maofesi ndi mainjiniya. Kulinso ciwerengero cimene ogulitsa ma roboti sachula: mu 2018 bungwe loyang'anira misika ku Europe, ESMA, linapeza kuti pa maakaunti 100 alionse a anthu wamba ocita malonda a CFD, pakati pa 74 ndi 89 amaluza ndalama. Forex yambiri ya pa foni ndi ya mtundu umenewu. Roboti siisintha masamu amenewa, imangopangitsa kuti zicitike inu muli m'tulo.

Sindikunena kuti mapulogalamuwa ndi oipa. Wacinyamata amene akuphunzira za makompyuta angaphunzire zambiri powerenga mmene IBC inalembedwera, ndipo angaiyese pa akaunti yoyeserera, ya ndalama zosakhala zenizeni, osataya kanthu. Ameneyo ndi maphunziro abwino. Coipa ndi kugulitsa kondakita ngati dalaivala wodziwa njira.

Conco wina akakubweretserani roboti, mufunseni zinthu zitatu. Coyamba, pa MetaTrader pali ma password awiri: lalikulu locitira malonda, ndi la investor longoonera cabe. Apereke la investor la akaunti yake muone mbiri ya miyezi yambiri, ndipo muonetsetse kuti si akaunti ya demo. Zithunzi za phindu aliyense angapange. Caciwiri, pulogalamuyo anaitenga kuti, ndipo n'cifukwa ciani ali kugulitsa cinthu cimene eni ake amapereka mwaulere? Cacitatu, ngati afuna kuyendetsa ndalama zanu, ali ndi laisensi ya Securities and Exchange Commission, bungwe limene limayang'anira nchito zotere pansi pa lamulo la Securities Act la mu 2016? Amene afuna ma share a makampani a kuno, msika wa Lusaka Securities Exchange ulipo kuyambira 1994, ndipo ma broker ake ali ndi maofesi oti mungapiteko ndi miyendo zinthu zikavuta. Kudandaula kwa munthu amene mumangodziwa nambala yake ya foni ndi nkhani ina.

Mnyamata uja ndinamupempha password ya investor tisanafike pa Hybrid. Anaseka, ati "Nizakutumilani usiku, bakamba," ndipo anaseluka. Lero ndi tsiku lacisanu ndi ciwiri sanatumize, koma uthenga wokumbutsa za K500 wabwera kale katatu.