Mu mphika wa nyemba, nkhumba ikhale mlendo

Pa msika wa Chinakanaka, m'mbali mwa msewu wochokera ku Limbe kupita ku Muloza m'boma la Mulanje, nyemba, nandolo ndi khobwe sizisoŵa m'nyengo yake. Komabe mayi amene ndalama zamuchepera amagula nyembazo modandaula, ngati kuti banja lake lagwa m'tsoka, ndipo tsiku la malipiro a ku esiteti ya tiyi likafika, ndalama yonse ya ndiwo imathera pa nyama ya nkhumba ya tsiku limodzi. Kachitidwe kotereka nkolakwa. Ndalama yomweyo ikadagula nyemba zambiri ndi kanyama kochepa kokometsera, ana akadadya bwino masiku angapo.

Nyemba si ndiwo za amphaŵi. Pa magawo asanu a nyemba zouma, limodzi ndi chakudya chomanga thupi, ndipo chimene chimapereŵera m'chimanga chimapezeka m'nyemba, kotero kuti nsima ya mgaiwa ndi nyemba zimakwaniritsana. Mu mzinda wa Boston ku America anthu amanyadira nyemba zophikidwa pang'onopang'ono mu uvuni kwa maola ambiri, pamodzi ndi nyama ya nkhumba yamchere, ndipo ngakhale kumeneko nyembazo ndizo zimadzaza mphika. Mayi wa ku Chinakanaka safunika uvuni. Mphika wadothi wokhala ndi chivundikiro, pa mbaula kapena pa mafuwa, umagwira ntchito yomweyo.

Kaphikidwe kake nkosavuta, koma kamafuna kuganiziratu dzulo lake. Nyemba zisankhidwe, zitsukidwe, ziviikidwe m'madzi usiku wonse. M'maŵa madzi aja atayidwe, ndipo nyemba ziŵire kwambiri m'madzi atsopano kwa mphindi zosachepera 10, chifukwa nyemba zosaŵira bwino, makamaka zofiira, zimasanzitsa ndi kutsekula m'mimba. Kenaka moto uchepetsedwe. Nyemba zoviika zimapsa msanga, ndipo m'dera limene mtolo wa nkhuni ukukwera mtengo pamene mitengo ya m'phiri la Mulanje ikutha, phindu limeneli si laling'ono. Amayi ambiri amathira soda pofuna kufulumizitsa mphika, koma soda amawononga vitamini B1. Kuviika sikuwononga ndalama ngakhale tambala imodzi.

Nyama idulidwe tizidutswa ting'onoting'ono, ikazingidwe m'mafuta ake omwe, ndipo anyezi ndi matimati ziloŵe m'mafuta omwewo. Zonsezi zithiridwe m'nyemba zikayamba kufeŵa, ziŵirire pamodzi mpaka msuzi utalimba ndi nyama itapsa mpaka mkati.

Kupsa kwa nyamaku ndiko kofunika koposa zonse. Nkhumba zongoyendayenda m'mudzi mopanda zimbudzi zokwanira zimadya chimbudzi cha anthu, ndipo m'minofu yake mumamera timatuza toyera tonga mpunga. Munthu akadya nyama yotere yosapsa, m'mimba mwake mumakula njoka yaitali yaphanthiphanthi, imene mazira ake amatuluka ndi chimbudzi. Mazirawo akaloŵa m'kamwa mwa munthu kudzera m'manja osasamba, m'madzi kapena m'zakudya, timatuza tija timatha kumera mu ubongo ndi kuyambitsa khunyu. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati m'madera ambiri amene njokayi ndi yofala, odwala khunyu 30 mwa 100 alionse amadwala chifukwa cha iyo. Tsono wodwalayo akhoza kukhala mwana amene sanalaŵepo nkhumba chibadwire, ndipo abale amathamangira kunena za ufiti. Nyama yokhala ndi timatuza isagulidwe ngakhale itatsika mtengo chotani, ndipo yowotcha mofulumira pa chiwaya, yakuda kunja koma yofiira mkati, njoopsa kuposa yoŵira nthaŵi yaitali m'nyemba.

Nanga bacon wa m'masitolo a m'tauni, nyama yothira mchere ndi kufukiza utsi ija? Wosamudya asadandaule. Mu 2015 nthambi ya WHO yofufuza za khansa idaika nyama zokonzedwa motere m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa ya m'matumbo, makamaka kwa wozidya tsiku ndi tsiku. Mcherenso umachuluka m'menemo, chonsecho munthu wamkulu sayenera kupitirira magalamu 5 a mchere pa tsiku, kapena kuti kasupuni kakang'ono kosadzaza, popewa kuthamanga kwa magazi. Wopeza bacon aike pang'ono, ndipo asathirenso mchere wina asanalaŵe.

Mabanja achisilamu ndi a mpingo wa Seventh-day Adventist, amene sadya nkhumba, sataya kanthu. Nsinjiro kapena mafuta ophikira pang'ono zimapatsa nyemba mphamvu imene mwana wokula amaifuna. Mwana woyambira miyezi 6 apatsidwe nyemba zenizenizo zopotedwa bwino, pakuti msuzi wokha umangonyenga mimba. Ndipo m'boma lolima tiyi lino nkofunika kudziŵa kuti tiyi womwera pa chakudya amalepheretsa thupi kutenga mchere wowonjezera magazi umene uli m'nyemba, pamene matimati, mapapaya ndi chinanazi zimathandiza. Mayi woyembekezera adye chipatso atatha nsima, ndipo tiyi adikire ola limodzi kapena aŵiri.